Mgolo wa Kopa ndi Mowa wa Chiliza

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Musavutike kundisunthira benchi, ndiyankhula chiimirire. Ine ndikakhala pansi nkhani imatalika, ndipo ena muli ndi ulendo wa ku Kalomwe.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Nachisale wa ku Lifidzi, amene ndimagulitsa pau, buledi wathu uja, pamsika. Ena munandidziwa ndisanayambe za pauzi, chifukwa munamwapo masese anga. Ee, ndikukuonani abambo muli pakhomopo mukuwerama. Musachite manyazi, unali mowa wabwino. Ndinafulula zaka zambiri, koma ineyo sindinkamwa. Ndinkangolawa pachipanda kuti ndimve ngati wapsa, basi. Lero ndabwera kudzakuuzani mmene wofulula uja anasandukira chidakwa, ndi mmene anathamangitsira mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, Rozina.

Amuna anga, bambo a Rozina, anali mlimi wa mbatata ya kachewere kudimba. Anamwalira mvula itangoyamba, atavutika ndi chifuwa. Chaka chitatembenuka abale awo anati timange chiliza. Mukudziwa mmene timachitira kuno: simenti, misa, kambuzi, ndi mowa wochuluka woti aliyense wobwera amwe n'kunena kuti malemu tawalira bwino. Za mowa palibe anafunsa kuti afulule ndani. Zinali zanga.

Vuto linali mbiya. M'chaka cha maliro chija sindinafulule, ndipo khoma la chisakasa changa chophikira linagwa ndi mvula n'kuphwanya mbiya zanga zonse. Ndiye ndinakumbuka mgolo wapulasitiki umene unali kudimba. Mgolo umenewo bambo ankasungunuliramo kopa, mankhwala obiriwira aja opopera kachewere ndi tomato kuti chiwawu chisawotche masamba. Ndinaugubuduza mpaka kunyumba, ndinautsukuluza ndi madzi, ndinaununkhiza. Sunkanunkha kanthu. Ndinati wayera, ndipo ndinakondwa chifukwa unali waukulu, mowa wonse ukanakwanira momwemo.

Tisanayambe kufulula anabwera a Nangondo, mlongo wawo wamkulu wa malemu. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, mowa uwu ndi wa mzimu. Nyumba ikhale yozizira. Munthu wogona ndi mwamuna asayandikire, ndipo chimera athire mwana wosadziwa kanthu."

Ndinavomera, chifukwa ndi mmene tinakulira. Rozina anali atabwera kuchokera ku Ulongwe kumene ankaphunzira sekondale, ndiye ndinati athire chimera ndi iyeyo. Anathira, anavundula, anandithandiza kusefa. Mwana wanga anagwira ntchito masiku onse aja osadandaula, manja mpaka matuza.

Amene munafululapo mukudziwa kuti mowa ukamapsa umayankhula. Ukaika khutu pambiya umamva uli tswee, thovu likukwera, fungo likukuboola m'mphuno. M'mawa wa tsiku la chiliza ndinaika khutu pamgolo, zii. Ndinavundukula, pamwamba pali phee ngati madzi a pachitsime. Ndinalawa. Unali wozuna ngati thobwa, kumapeto kwake kakuwawa kachilendo, ngati wanyambita msomali. Anthu anali atayamba kale kukhala pamikeka.

A Nangondo analawa n'kulavula pansi. Sanandiitanirenso kuseri ayi. Anayankhula pabwalo pomwepo, alamu onse akumva, apongozi akumva.

"Wina wadula mowa uwu. Alamu, tiuzeni zoona. Kapena mwapeza kale wina, m'bale wathu asanaume n'komwe m'manda?"

Abale, ndinamva manyazi oti ndilowe pansi. Ine ndinalibe mwamuna. Koma maso onse aja atandiyang'ana, mlomo unathamanga kuposa mutu. Ndinati, "Si ine. Funsani uyu, amene amakwera mota, njinga yamoto ya mnyamata uja, Lachisanu lililonse."

Mnyamata wa motayo ndinkamulipira ine ndemwe kuti azimunyamula mwanayo kuchokera ku Ulongwe. Ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkayankhula.

Rozina anali atasenza ndowa ya madzi. Anaitula bwinobwino, osataya ngakhale dontho, n'kundiyang'ana. Anangoti, "Amayi, inu?" Mawa lake anakwera shapa, minibasi zathu zija. Sanabwerere kusukulu. Ndinadzamva kwa anthu kuti ali ku Tete, kenako ena anati ali ku Moatize.

Kuyambira pamenepo zinthu zinatsetsereka msanga. Ndinafululanso mumgolo womwe uja, mowa unakana. Ndinagula chimera kwa wina, unakananso. Ulendo wina unachita tithovu pang'ono, koma unali wopanda mphamvu, ndipo amene anamwa anadandaula m'mimba. Munthu wanzeru akadadzifunsa kuti, mwana uja wachoka, nanga akudula mowa tsopano ndani? Ine sindinafune funso limenelo. Ndinati ndi mzimu wa amuna anga wakwiya, manja anga atembereredwa. Makasitomala anasamukira kwa ena. Ndinayamba kupita kwa mayi wina wotcheza kachasu kutsidya kwa mtsinje, ati kuti ndipezeko tulo. Kabotolo kamodzi kanabala anzake. Ndinagulitsa bomba yopoperera mankhwala, mbuzi zinapita, nkhuku zinapita. Chaka chimenecho chimanga changa chinamera pamodzi ndi udzu mpaka kukolola. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa ndinkaona ngati aliyense akundinunkhiza. Ndinkadzuka manja akunjenjemera, osatha kumanga mpango mpaka nditameza kaye.

Pansi penipeni ndinafika mwezi wa Juni. Kuzizira kwa kuno simufuna kuuzidwa. Amayi ena opita kuchigayo anandipeza m'mawa ndili m'ngalande m'mbali mwa msewu, udzu uli mbuu ndi chisanu, chitenje chili kwina ine kwina. Ankaganiza kuti ndi mtembo. Mmodzi anandifunditsa nsalu yake, wina anaimbira foni mlongo wanga Tomasi, amene ndi mphunzitsi ku Ulongwe. Anabwera n'kunditenga ngati thumba la makala.

Anayamba wandipititsa kuchipatala. Kumeneko anamwino anandiuza chinthu chimene ndikufuna nonse mumve. Anati munthu amene wafika ponjenjemera asasiye mowa yekhayekha m'nyumba motseka chitseko, chifukwa thupi limatha kugwa khunyu. Anandipatsa mankhwala, anandisunga mpaka kunjenjemera kutachepa. Kenako ndinakakhala kwa Tomasi.

Mkazi wa Tomasi, alamu anga a Luwiza, amaphika pau mu uvuni yadothi kuseri kwa nyumba. Mayi ameneyo sadziwa kunyengerera. Tsiku lina anandipeza ndili khale padzuwa, anandiikira beseni la ufa pamiyendo.

"Alamu, pano palibe hotela. Kandani."

Ndinati, "Musandipatse, ndikuonongerani. Manja angawa chilichonse chimene agwira sichifufuma."

"Akaonongeka mudya nokha. Kandani."

Anathira feremento, timbewu tija timene ku Dedza amati yisiti, ndipo ndinakanda. Anavindikira ndi nsalu n'kuika padzuwa. Ine ndinakhala patali, osafuna kuyang'ana. Patapita nthawi ndinaona nsalu ija yatukuka, mtanda wadzaza beseni mpaka kusefukira. Alamu anangoti, "Manja otembereredwa aja ndi amenewa?" n'kumapita kukasonkha moto. Ine ndinasokonezeka. Ndinakanda mawa lake, unafufuma. Ndinakandanso, unafufuma.

Patapita milungu ingapo ndinati ndibwerere kwathu. Alamu anandipatsa ufa pang'ono, shuga ndi paketi ya feremento kuti ndikayambire. Tomasi anandiperekeza kuti akaone ngati nyumba ikadali chiimire. Apa ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa moyo wanga unatembenukira pamenepa, masana dzuwa lili nge.

Tinatsegula nyumba, fungo la mbewa. Tomasi anazungulira kuseri n'kupeza mgolo uja uli pansi pa mtengo wa pichesi. Anati autenge azisungiramo madzi kwake. Anaupendeketsa kuti ataye madzi a mvula, n'kusuzumira m'kati. Anakhala chisuzumire. Kenako analowetsa mkono, anakanda pansi ndi chikhadabo, chala chinatuluka chobiriwira.

"Achemwali, mgolo uwu munautenga kuti?"

"Kudimba. Ndi wa alamu anu."

"Ankaikamo chiyani?"

"Kopa wa kachewere. Koma ndinautsuka."

"Ndipo mowa wa chiliza uja munafululira muno?"

Ndinati inde. Sanandikalipire. Anandionetsa m'mene munali mokalika ndi mthiko umene bambo ankavundulira mankhwala, ndi m'mphepete mwa pansi mmene munagwirana zobiriwira zolimba ngati chikhokho. Ine ndinali ndisanasuzumiremo chotero, ndinkangodalira mphuno. Anati, "Ndipatseni mabotolo awiri."

Mabotolo ndiye sanasowe m'nyumba mwanga. Sekani, abale, n'zoona.

Anawatsuka bwino. Anafunditsa madzi, anasungunula shuga, anathira mofanana m'mabotolo onse awiri. Anathyola ndimu n'kufinyira pang'ono monsemo, ati kuti madzi akhale owawasa ngati phala la mowa. M'botolo limodzi lokha anathiramo zobiriwira zimene anapala mumgolo, n'kukhutchumula. Kenako anandipatsa paketi ya feremento.

"Thirani inuyo, ndi dzanja lomwelo, monse muwiri."

Ndinathira. Anatenga timatumba tapulasitiki tija togulitsiramo mchere, n'kumanga kukamwa kwa botolo lililonse. Anaika mabotolo pakhonde, padzuwa. Anati tidikire.

Tinakhala pansi. Iye ankachotsa chisoso pathalauza, ine ndinkangoyang'ana. Nkhuku ya aneba inabwera, inajompha botolo, inapita. Poyamba panalibe kusiyana. Kenako m'botolo lopanda zobiriwira munayamba kukwera tithovu, kamodzikamodzi, kenako tambiri, thovu linasonkhana pakhosi. Kathumba kaja kanayamba kudzuka pang'onopang'ono mpaka kanaima njo, kodzaza mpweya. Ndinasendera pafupi n'kuika khutu. Linali tswee, mawu aja amene ndinawasowa chiyambire chiliza. Ndinaika khutu pa linzake. Zii. Kathumba kake kali lende, feremento yangokhala pansi ngati matope.

Tomasi ndi mphunzitsi, ndiye mukudziwa, akayamba saima. Koma tsiku limenelo ndinamvetsera. Anati feremento si mankhwala ayi, ndi tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, abale ake a chuku. Timeneti ndi timene timakhalanso mumowa, timabwera ndi chimera, timatsalira m'mbiya yakale. Timadya zozuna za m'phala, n'kumatulutsa mpweya uja umachita thovu, n'kumasiya ukali uja umaledzeretsa. Tikamadya timaswana, n'chifukwa chake mowa umayamba mwakachetechete kenako n'kuwira.

Ndinati, "Nanga kopa akulowa pati?"

Anati kopa ndi mkuwa, chitsulo chofiira chija cha m'mawaya a magetsi, koma wosandutsidwa ufa. Anati chodabwitsa n'chakuti tizamoyoti timaufuna mkuwawo, koma pang'ono zedi, wosakwana n'kuuona komwe. Umatithandiza kupuma ndi kukula, ndipo pang'ono pameneponso timaupeza kale m'chimanga ndi m'madzi, palibe chifukwa chowonjezera. Ukasowa kotheratu timafooka. Koma ukachuluka umatipsereza m'kati, timaleka kudya, timaleka kuswana, kenako timafa. Anati, "Zili ngati mchere m'ndiwo, achemwali. Kachitsine n'kofunika, koma thirani mbale yonse muone ngati wina adya." Ndipo mankhwala a kachewere aja anawapangira zomwezo, kupha tizamoyo totere pamasamba. Sasankha kuti aka n'kachiwawu, aka n'kamowa wa chiliza.

"Koma ndinatsuka," ndinatero kachiwiri.

Anati madzi wamba sachotsa zimene zagwirana m'mikwingwirima. Koma phala la mowa ndi lowawasa, limasungunula zobiriwirazo pang'onopang'ono n'kuzimwaza mumowa monse. Kuwawa kwa msomali kuja kunali komweko. Kupweteka m'mimba kwa makasitomala anga kunali komweko. Anati ndithokoze Mulungu kuti mowawo unakana, anthu sanamwe wambiri.

Kenako ndinafunsa, "Ndiye kuti ngakhale akadathira chimera ndi asisitere a kumishoni, mowa uja ukadakana?"

"Ngakhale apadiri, ansembe amene."

Ndinaseka pang'ono. Koma m'maganizo ndinaonanso Rozina akutula ndowa ija. Mwana wanga anataya sukulu, anataya mudzi, anataya dzina lake pamaso pa abale a bambo ake, chifukwa cha zobiriwira zimene zinali pachala cha Tomasi. Ndipo zobiriwirazo sizinamunene. Ndinamunena ine.

Ndikuuzeni zoona, chimene chinandibwerera poyamba sichinali kulira. Chinali ludzu. Miyendo inkafuna kuwoloka mtsinje yokha. Ndinati, "Achimwene, ndikufuna kachasu." Iye sanandilalikire. Anangoti, "Ndamva. Khalani pompo, ine sindichoka." Anawiritsa tiyi, anathira shuga wambiri, tinamwa. Ludzu lija linakwera, linakwera, kenako linayamba kutsika lokha. Ndi tsiku limenelo ndinadziwa kuti chilakolako chimatha kudutsa munthu osachipatsa kanthu. Misozi inabwera pambuyo pake, ndipo inabwera yambiri.

Sindinabwere pano kudzatsutsa miyambo. Zimene makolo ankanena zili ndi malo ake, ine si woweruza. Ndikungonena za mowa wanga uja, kuti sunadulidwe ndi munthu.

Tsopano ndinene zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Ndinasiya kufulula. Ena anati, popeza wadziwa vuto, gula mbiya zatsopano uyambirenso. Ndinakana. Munthu amene wayamba kumwa sangagone m'nyumba imodzi ndi mbiya yowira. Tomasi ndi anyamata ena anandiumbira uvuni, ndipo ndinayamba pau. Ndi tizamoyo tomwe tija, koma tsopano timandifufumitsira mkate. Madzi okandira ndimatunga mu ndowa imodzi yokha imene sinaonepo mankhwala. Mgolo uja Tomasi sanautengenso. Tinauboola pansi ndi chitsulo chamoto kuti wina asadzasungiremo madzi akumwa. Ndipo amayi muli muno, ndikupempheni, chigubu kapena mgolo umene munalowa mankhwala a kudimba usalowenso m'nyumba, ngakhale muutsuke mpaka kuwala. Ndimaona ena mukuviikamo mphale.

Ndinapita kwa mayi wa kachasu uja masana, ndili bwinobwino, n'kumuuza kuti, "Mukandiona ndabwera, mundithamangitse." Anaseka, koma ulendo wina anandithamangitsadi, Mulungu amudalitse. Ndinasintha njira yopita kumsika. Ndi yozungulira, imadutsa kusukulu, koma sidutsa pamtsinje. Madzulo, nthawi imene ndinkakonda kumwa, ndi imene ndimakanda mtanda wa mawa, kuti manja akhale ndi chochita. Ndipo ndinayamba kubwera pano, pagulu lathu lino la olimbana ndi mowa, Loweruka lililonse, kukhala pabenchi yakumbuyo iyo, osayankhula.

Ndinagwapo. Musaganize kuti ndinayenda mowongoka. Pamaliro ena chipanda chinkazungulira, chinafika pa ine, ndinachita manyazi kukana, ndipo ndinadzuka mawa lake ndili m'khonde la eni ake. Ndinafuna kubisa. Koma ndinakwera shapa kupita ku Ulongwe n'kukawauza alamu a Luwiza. Anandiyang'ana n'kuti, "Chabwino. Mtanda wa lero mwakanda?" Ndinabwerera n'kukakanda. Kuyambira pamenepo pamaliro ndimakhala ndi amayi ophika, chipanda chikamayandikira ndimanyamuka kukatunga madzi.

Chovuta kuposa zonsezi chinali Rozina. Ndinkazengereza, ndimvekere ndidikire ndinenepeko, ndidikire ndigule chitenje chabwino. Alamu a Luwiza anati, "Mukudikira kuti akwatiwe musakudziwa?" Ndiye ndinanyamula pau m'kathumba n'kukwera shapa ya ku Tete. Amene munatsikako mukudziwa mmene kumatenthera kumunsi kuja. Ife a kumapiri timangosungunuka.

Ku Moatize ndinafunsafunsa mpaka ndinamupeza pansi pa mtengo pafupi ndi msika, akuluka tsitsi la mayi wina. Anali ataonda, koma ali waukhondo. Anandiona, manja sanaime. Anamaliza mutu wonse uja ine ndili chiimire padzuwa. Kasitomala atapita, anandilozera kampando.

"Mwabwera."

Sananene kuti amayi. Ndinamva, koma ndinalibe pokwiyira.

Ndinamufotokozera zonse, za mgolo, za mabotolo awiri, za ngalande. Ndinati, "Mwana wanga, ndinakunamizira. Ndinaopa manyazi anga n'kukuveka iwe. Undikhululukire."

Anakhala akuchotsa tsitsi m'chipeso. Kenako anati, "Ine ndinkadziwa kuti sindinadule mowa. Simunabwere kudzandiuza zachilendo. Nanga sukulu yanga mubweza?"

Ndinati sindingathe.

"Mwanena kwa ine pano pansi pa mtengo, palibe akumva. Koma tsiku lija munanena pabwalo."

Pau uja analandira, koma sanadye ine ndikuona. Anandiperekeza mpaka pokwerera shapa, anandigulira madzi ozizira, n'kubwerera kuntchito yake. M'njira monse ndinkalira mwakachetechete, anthu n'kumaganiza kuti ndikuchokera kumaliro.

Nditafika ndinapita kwa a Nangondo. Ndinanyamula mabotolo awiri, shuga, ndimu, feremento, ndi zobiriwira zimene Tomasi anandisungira m'kapepala. Ndinachita zonse pakhonde pawo ngati mmene ndinaonera. Anakhala akuyang'ana, manja ali pachibwano. Kathumba kamodzi katadzuka, kena kali lende, anapuma mozama.

"Alamu, ine ndinafunsa. Woyankha munali inu."

Mawu amenewo anandilasa, koma anali oona. Ndinati, "N'chifukwa chake ndabwera. Ndiitanireni anthu aja."

Anati, "Mlandu suola. Ndiwaitana. Ndipo inenso ndili ndi mawu anga oti ndibweze, chifukwa funso lija silinali lofunsira pabwalo."

Anawaitanadi, Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi. Anabwera alamu, apongozi, ndi ena ongofuna kumva nkhani. Ndinaima pabwalo lomwe lija, pamalo pomwe paja, ndili wosamwa. Ndinati Rozina sanadule mowa, mnyamata wa mota ndinkamulipira ine, mowa unaphedwa ndi kopa wa mumgolo umene ndinautenga ndekha kudimba. Ena anang'ung'udza, ena anati zasayansi izo. Sindinatsutsane nawo. Tomasi anajambula mawu anga onse pafoni n'kumutumizira Rozina. Sanayankhe.

Miyezi inadutsa. Ine ndinkangokanda, kuotcha, kugulitsa, kubwera pano. Nthawi zina usiku ludzu linkabwera n'kumandinong'oneza kuti, waona, wadzichititsa manyazi pachabe. Ndinkadzuka n'kuwiritsa tiyi.

Mwezi wathawu, mitambo itayamba kusonkhana, Tomasi anandiimbira kuti Rozina wafika ku Ulongwe, ali kwa iye. Anati wayamba sukulu ya madzulo ku Moatize, ndi ndalama zake za tsitsi. Kwathu sanagone ayi. Anabwera masana, anapita yekha kumanda kukaona chiliza cha bambo ake, anakhalako nthawi ndithu. Pobwera anadutsa kwa a Nangondo, sindikudziwa zimene anakambirana. Kenako anafika pakhomo panga, anakhala pakhonde. Ndinamupatsa tiyi ndi pau wotentha. Anadya theka. Anayang'ana uvuni, anayang'ana denga, anafunsa za mbuzi. Ndinati ndinazigulitsa n'kumwera. Anangogwedeza mutu.

Sitinakambe zambiri. Ndinamuperekeza kumsewu, tinaima kudikira shapa ngati anthu ongodziwana. Mtima wanga unali utavomera kale kuti basi, wabwera kudzaona bambo ake, osati ine. Shapa inafika, kondakitala akukuwa, iye anaponda phazi limodzi pakhomo. Kenako anatembenuka.

"Amayi, mukamabzala nyemba mundisiyireko mizere yakumtunda. Ndidzabzala ndekha."

Shapa inanyamuka ndisanayankhe. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu pomwepo, ndinalira ndi chimwemwe ngati mwana, anthu a njinga akundizungulira.

Mvula yagwa sabata yatha, abale. Nyemba zanga ndabzala, mizere yakumtunda ndasiya, mbewu yake ili m'chigoba pamwamba pa kabati. Aneba akuti ndikuchedwetsa munda, ndibzale ndekha. Ndawauza kuti mizere imeneyo ili ndi mwini wake. Sindikudziwa ngati atsike shapa sabata ino kapena ya mawa. Koma tsiku limene adzatsike, adzandipeza ndili chiimirire, wosaledzera, ndikudziwa dzina lake.

Zikomo, ndakhala pansi.